Mwamaliza sukulu kunja ndipo mukufuna kukhazikika konko? Umu ndi momwe PR imapezekera

Funso ili ndimalimva pafupipafupi kuno ku Blantyre, kaya tikaweruka ku tchalitchi kaya pa zinkhoswe, kholo limakukokera pambali nkuti mwana wanga akumaliza masters ku Canada chaka chamawa, ndiye akangotenga digiriyo amupatsa PR eti? Ayi mayi, ayi bambo, digiri payokha sipatsa munthu PR, chomwe ndi chilolezo chokhala mpaka kale m'dziko la eni ake. Chomwe digiri imakupatsa ndi kanthawi kochepa koti ugwire ntchito, chaka chimodzi, ziwiri, mwina zitatu, ndipo ndi ntchito yomwe wagwira m'kanthawi kameneko yomwe imakufikitsa pa PR. Ambiri amazindikira zimenezi visa itatsala miyezi inayi kuti ithe, pomwe anayenera kuyamba kuwerengera asanakwere nkomwe ndege pa Chileka.

Choyamba, tulutsani kalata ya amene anakulipirirani sukulu muiwerengenso bwinobwino. Anthu ambiri akwathu kuno sapita kunja ndi ndalama za m'thumba, amapita pa scholarship, ndipo ma scholarship akuluakulu amabwera ndi chingwe. Chevening ya ku Mangalande imakusainitsa kuti ukamaliza ubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Australia Awards chimodzimodzi, umachoka mu Australia zaka ziwiri, ukakana ndalama zonse zomwe anakulipirira zimasanduka ngongole. Fulbright ya ku Amereka imayenda ndi visa ya J-1, ndipo pamenepo pali lamulo loti ukakhale kwanu zaka ziwiri usanapemphe green card, yomwe ndi PR yawo, kapena visa ya ntchito ya H-1B. Kuonjezera apo ngati munachoka muli pa ntchito ya boma kapena pa yunivesite ndipo munasaina bond, imeneyonso ndi ngongole ina. Ine maganizo anga ndi oti ngati munasaina, bwerani mudzagwire zaka zanuzo, khomo silitsekeka, mutha kudzapempha PR muli konkuno chifukwa digiri ija imawerengedwabe, kusiyana ndi kuthawa nkudzipezera mbiri yoipa m'mafayilo omwe safufutika.

Kachiwiri, ndipo izi ndi za iwo omwe sanapitebe kapena akufuna kusintha sukulu, si sukulu iliyonse yomwe imatsegula khomo logwira ntchito ukamaliza. Ku Canada pepala lake limatchedwa PGWP, ndipo kuti ulipeze sukulu yako iyenera kukhala pa mndandanda wa boma wa sukulu zololedwa kulandira ophunzira akunja, zomwe amazitcha ma DLI, komanso kosiyo ikhale yovomerezeka pa PGWP, yosachepera miyezi 8. Makoleji ambiri a private ali ndi chilolezo cholandira ophunzira akunja koma ophunzira awo sapatsidwa PGWP, ndiye munthu umalipira ndalama zankhaninkhani zaka ziwiri nkuuzidwa pamapeto kuti nyamula zikwama. Kuyambira 1 Novembala 2024 anaonjezeranso kuti omwe akuchita ma diploma pa koleji kosi yawo ikhale m'magawo omwe dzikolo likusowa anthu, monga zaumoyo, zaulimi ndi ntchito zamanja, pomwe a digiri ya bachelor, masters ndi PhD lamulo limenelo siliwakhudza. Ku Ireland nako, komwe achinyamata athu ambiri anathamangira ku Dublin, sukulu za Chingerezi chabe zija sizikupatsa Stamp 1G, chilolezo chawo chogwira ntchito ukamaliza, imafunika digiri ya level 8 yomwe imapatsa miyezi 12 kapena masters ya level 9 yomwe imafika miyezi 24. Ku Australia maphunziro ako ayenera kukwana zaka ziwiri za sukulu, masabata 92, pa kosi yolembetsedwa ku CRICOS, mndandanda wa boma wa makosi a ophunzira akunja. Musafunse ajenti amene akudya komishoni pa sukuluyo, lowani pa webusaiti ya boma la dzikolo mudzionere nokha dzina la sukulu.

Tsopano pasipoti. Iyi anthu amaipeputsa koma ndi yomwe imadula zaka. Canada sangakupatse PGWP yopitirira tsiku lomwe pasipoti yako ikutha, ndiye ngati unayenera kulandira zaka 3 koma pasipoti yatsala ndi miyezi 14, akupatsa miyezi 14 basi, zotsalazo uzikapemphanso padera ukapeza pasipoti yatsopano, ndi ndalama zina ndi kudikira kwina. Tonse tikukumbuka kumayambiriro kwa 2024 pomwe makina opangira mapasipoti kuno kwathu anaima kwa masabata angapo anthu nkumagona pa mizere, ndiye musadikire kuti itsale miyezi itatu. Mukalowa chaka chomaliza cha sukulu yang'anani tsiku lothera, ngati latsala pansi pa zaka zitatu yambani kufunsa ku ofesi ya kazembe wathu yomwe ili pafupi nanu, kaya ku London, ku Washington, ku Berlin kapena ku Pretoria, kapena konzani zobwera pa holide mudzapangitse konkuno.

Mukangolandira kalata yoti mwamaliza, wotchi yayamba kuyenda, ndipo dziko lililonse lili ndi masiku ake. Ku Canada muli ndi masiku 180 kuchokera pomwe sukulu yatsimikiza kuti mwamaliza, osati kuchokera tsiku la graduation lovala mkanjo lija ayi, ndipo PGWP imaperekedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu. Kosi ya zaka ziwiri kapena kuposera imapatsa zaka zitatu, yochepera apo amakupatsa nthawi yofanana ndi kutalika kwa kosiyo, kupatula masters yomwe kuyambira Febuluwale 2024 imapatsa zaka zitatu ngakhale inali ya chaka chimodzi. Masiku ano amafunanso mayeso a chiyankhulo pa PGWP pomwepo, pa sikelo yawo ya chiyankhulo yotchedwa CLB, CLB 7 kwa a digiri ndi CLB 5 kwa a koleji. Ku UK Graduate visa uyenera kuipempha uli mkati mwa dzikolo, visa ya sukulu isanathe, ukangothamangira kuno kudzaonetsa digiri kwa agogo visa nkuthera kuno ndiye kuti yapita imeneyo. Imapatsa zaka ziwiri, a PhD zitatu, koma boma lawo linalengeza kuti opempha kuyambira 1 Januwale 2027 azipatsidwa miyezi 18 yokha, kupatula a PhD. Ku Australia ndi visa ya 485, uipemphe pasanathe miyezi 6 utamaliza, ndipo kuyambira Julayi 2024 ambiri ayenera kukhala osapitirira zaka 35 zakubadwa, zomwe zimatipweteka ife chifukwa ambiri timapita ku masters titagwirako kale ntchito zaka khumi. Ku Germany amakupatsa miyezi 18 yofunafuna ntchito. Ku Amereka chilolezo chake ndi OPT, ungaipemphe kuyambira masiku 90 usanamalize mpaka masiku 60 utamaliza.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, mtundu wa ntchito. Munthu ukangolandira pepala logwira ntchito foni siyipuma, kumudzi akufuna za fetereza, mlongo wako ku Ndirande akufuna fizi ya mwana, landilodi wa amayi ku Bangwe wakweza renti, aliyense akudikira meseji ya Mukuru, ndiye umangogwira chilichonse chomwe chapezeka msanga, kupanga mashelefu mu shopu, kunyamula katundu mu warehouse, kuperekera zakudya pa njinga. Ndalama zimabweradi koma kwa a immigration ntchito zimenezo ndi ngati sunagwire kalikonse. Ku Canada njira yomwe ophunzira ambiri amadutsira ndi Canadian Experience Class yomwe ili mkati mwa Express Entry, dongosolo lawo losankha anthu a PR potengera mapointi, imafuna chaka chimodzi cha ntchito yaluso yogwiridwa mu Canada momwemo m'zaka zitatu zapitazo, maola 1,560, ndipo ntchitoyo ikhale m'magulu omwe amawatcha TEER 0, 1, 2 kapena 3. Kashiya ndi wopanga mashelefu ali mu TEER 5, sawerengedwa, pomwe khukhi, wothandiza anamwino komanso administrative assistant ali mu TEER 3, supavaiza wa mu shopu kapena mu lesitilanti ali mu TEER 2, amenewo amawerengedwa. Mwaona kusiyana kwake, nthawi zina ndi shopu yomweyo koma udindo wina. Ntchito yomwe unagwira uli mwana wasukulu siwerengedwa, geni yodzilemba wekha siwerengedwa, ndipo pa sabata amangowerenga maola 30 basi, ndiye kudzipha ndi ovataimu maola 60 sikufupikitsa chaka chija. Makolo ndi abale omwe muli kuno, mundimve bwino, ngati mwana wakuuzani kuti watenga ntchito ya malipiro ochepa chifukwa ndi yomwe ikuwerengedwa pa mapepala, mupirireni chaka chimenecho, musamutche wouma manja.

Ndipo sungani chilichonse, ma payslip, kontirakiti, mapepala a msonkho a T4. Pochoka pa ntchito pemphani kalata ya kampani yolemba udindo wanu, maola pa sabata, malipiro ndi zomwe munkachita tsiku ndi tsiku, chifukwa ofesala amayerekeza zomwe zalembedwazo ndi zomwe zili pa NOC code yomwe mwasankha, nambala ya mtundu wa ntchito yanu pa mndandanda wa boma la Canada, dzina la udindo lokha silikwanira. Itengeni mudakali pa ubale wabwino ndi abwana, mukadzabwerera patatha zaka ziwiri mupeza manejala anasintha.

Ku UK nkhani yake ndi ina. Zaka za Graduate visa sizilowa m'zaka zisanu zofunika kuti upeze ILR, yomwe ndi PR yawo, kudzera pa ntchito, zaka zisanuzo zimayamba tsiku lomwe walowa pa Skilled Worker visa, ndiye Graduate visa ntchito yake ndi yoti upeze kampani yokhala ndi laisensi ya sponsor, ikupatse Certificate of Sponsorship. Mndandanda wa makampani a laisensi uli poyera pa gov.uk, musanataye nthawi kulemba kalata yofunsira ntchito yang'anani kaye ngati kampaniyo ilipo. Kuyambira 22 Julayi 2025 malipiro ofunika anakwera kufika £41,700 pa chaka ndipo ntchito zambiri ziyenera kukhala za mlingo wa digiri, koma omwe angomaliza kumene sukulu amalowa ngati new entrant pa mlingo wotsikirapo wa £33,400 kwa zaka zingapo. Ukakwanitsa zakazo umalemba mayeso a Life in the UK, mafunso 24, ukhoze 18, komanso usakhale kunja kwa dzikolo masiku opitirira 180 m'miyezi 12 iliyonse, ndiye maliro ndi maukwati akuno muziwerengera masiku. Dziwaninso kuti mu Meyi 2025 boma la UK linatulutsa ganizo lokweza zaka zisanuzo kufika khumi kwa anthu ambiri, ndiye amene akusankha dziko panopa aziike zimenezo pa sikelo.

Chotsatira ndi mayeso a chiyankhulo, ndipo apa a Malawi timadzinamiza kwambiri. Timati Chingerezi tinayamba sitandade 5, pa MSCE tinakhoza, ku Poly kapena ku Chanco tinkalemba ma essay, ndiye IELTS nchiyani. Anthu amagwa pa kulemba ndi kumvetsera aise, osati chifukwa sadziwa Chingerezi koma chifukwa sanaphunzire momwe mayesowo amafunira. Pa Express Entry amalandira IELTS General Training osati Academic yomwe munalemba popita ku sukulu, kapena CELPIP General, kapena PTE Core, ndipo zotsatira zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha. CLB 7 ndi 6.0 pa magawo onse anayi a IELTS, imeneyo imangokulowetsa pa mzere, koma mapointi amadumpha kwambiri ukafika CLB 9, kutanthauza 8.0 pa kumvetsera ndi 7.0 pa atatu enawo. Mapointi onse a Express Entry, omwe amawatcha CRS, amathera pa 1,200, a zaka zakubadwa amakhala okwera pakati pa 20 ndi 29 kenako amayamba kutsika chaka ndi chaka, maphunziro a mu Canada amaonjezera 15 kapena 30, m'bale wako wa bere limodzi amene ali nzika kapena PR amaonjezera 15. Mapointi a kalata ya ntchito anawachotsa mu Malichi 2025, ndiye wina akakuuzani kuti mugule job offer kuti mapointi akwere ameneyo ndi wakuba. Chomwe ambiri sachiganizira ndi Chifalansa, kuyambira 2023 Canada imachita ma draw apadera oitana odziwa Chifalansa kuti apemphe PR ndipo mapointi ake amakhala otsika kusiyana ndi ma draw ena, ndiye ngati munachiphunzirako ku sekondale chitsitsimutseni mukalembe mayeso ake a TEF kapena TCF. Njira ina ndi ya ma province, PNP, province ikakusankha kudzera mu Express Entry imakuonjezera mapointi 600 nthawi imodzi, nchifukwa chake kuthamangira ku Toronto komwe kuli aliyense si nzeru nthawi zonse, Manitoba, Saskatchewan ndi ma province a kunyanja monga Nova Scotia ndi New Brunswick kumazizira koopsa koma ali ndi njira zawozawo za ophunzira awo.

Pomwe mukugwira ntchitoyo yambani kusonkhanitsa mapepala akumudzi, chifukwa Canada ikakuitanani imakupatsani masiku 60 okha oti mutumize zonse. Pamafunika police clearance ya dziko lililonse lomwe munakhalamo miyezi 6 kapena kuposera motsatizana m'zaka khumi zapitazi mutakwana zaka 18, ndiye ya kuno ku Malawi ikufunika, ndipo ngati munakhalako ku Joni chaka chathunthu ya ku South Africa nayonso ikufunika. Setifiketi yakubadwa ya ku NRB, yanu ndi ya ana. Setifiketi ya ukwati, chifukwa ofesala wa ku Ottawa sadziwa ankhoswe, chinkhoswe chokha popanda pepala muvutika kufotokoza, kalembetseni ukwatiwo ku boma. Ngati mukufuna kuti digiri yanu yoyamba ya kuno iwerengedwe, mabungwe ounika madigiri akunja monga WES amafuna transcript ichokere ku yunivesite komweko osadutsa m'manja mwanu, ndiye mupeze m'bale wodalirika woti azikayendera ku registry, ndipo kumbukirani kuti Poly pano ndi MUBAS ndipo College of Medicine inalowa mu KUHeS kuyambira 2021, mufunse bwino kuti mapepala a chaka chanu akusungidwa kuti. Onetsetsani mayina, kwathu kuno munthu mmodzi pa MSCE ali ndi dzina la agogo, pa pasipoti la bambo, pa chitupa cha unzika spelling ina, konzeranitu affidavit kwa loya. Ndipo ana onse alembeni pa fomu, ngakhale amene munabereka kumbali ndipo akukhala ndi agogo ake ku Thyolo, mwana amene simunamutchule popempha PR zimavuta kwambiri kudzamuitanitsa mtsogolo ndipo zitha kukuikani pa mlandu wonama.

Germany ndi dziko lomwe anthu akuno salitchula kwambiri koma njira yake ndi yolunjika kuposa ena onsewa. Mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, ukamaliza nkupeza ntchito yaluso, patatha zaka ziwiri ukugwira ntchito ndi kulipira penshoni miyezi 24, uli ndi Chijeremani cha B1, utha kupempha Niederlassungserlaubnis yomwe ndi PR yawo. Vuto ndi chiyankhulocho basi, kosi itha kukhala ya Chingerezi koma ntchito zambiri zimafuna Chijeremani, ndiye chiyambeni semesita yoyamba.

Ku Australia umayamba ndi skills assessment ku bungwe la ntchito yako, Engineers Australia kwa mainjiniya, ANMAC kwa anamwino, ACS kwa a makompyuta, kenako umalembetsa mu SkillSelect ndi mapointi osachepera 65 uli pansi pa zaka 45. Visa ya 189 ndi yodziimira wekha, 190 ndi yosankhidwa ndi state ndipo imaonjezera mapointi 5, 491 ndi ya madera akutali ndi mizinda ikuluikulu, imaonjezera 15 ndipo patatha zaka zitatu imakufikitsa ku 191 yomwe ndi PR. Ma 65 aja ndi ongolowera pakhomo, ntchito zomwe zili ndi anthu ambiri monga akawunti zimafuna okwera kuposa apo.

Ku South Africa, komwe ana athu ambiri amaphunzira ku Wits, UCT kapena Pretoria, zaka za study visa sizikupatsa PR, njira ndi critical skills work visa ngati ntchito yako ili pa mndandanda wa Home Affairs ndipo walembetsa ku bungwe la ntchitoyo monga ECSA kapena HPCSA, kapena zaka zisanu pa visa ya ntchito ndi kontirakiti yokhazikika. Kumeneko chachikulu musapitirize masiku, mukapitirira ndi masiku osaposa 30 amakuletsani kulowa chaka chimodzi, kuposera apo zaka zisanu.

Za ku Amereka ndinene mosabisa, panopa ndi njira yovuta kwambiri kwa Mmalawi. Dongosolo lake ndi OPT ya miyezi 12, a STEM amaonjezera 24, kenako kampani ikulembetse pa H-1B yomwe ili ndi malo 65,000 pa chaka kuphatikiza 20,000 a omwe ali ndi masters ya konko, ngakhale mayunivesite ndi mabungwe a kafukufuku malire amenewa sawakhudza, ndipo pamapeto kampaniyo ikupemphere green card ya EB-2 kapena EB-3. Koma mu Ogasiti 2025 Malawi ndi Zambia tinayamba kulipiritsidwa chikole cha $5,000 mpaka $15,000 pa visa ya ulendo, ndipo mu Disembala 2025 Malawi inaikidwa pa mndandanda wa mayiko omwe anthu ake aletsedwa ma visa angapo kuphatikizapo a sukulu. Amene muli kale mkati musatuluke dzikolo musanalankhule ndi ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu yanu kapena loya wa immigration.

Mawu awiri okhudza madobadoba, chifukwa sali pa Immigration ndi pa Road Traffic pokha, aliponso pa Facebook atavala masuti. Ku Canada wololedwa kukulipiritsani pa uphungu wa immigration ndi loya kapena RCIC wolembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, ku Australia ndi loya kapena ajenti wolembetsedwa ku OMARA, ku UK ndi loya kapena wovomerezeka ndi Immigration Advice Authority, ndipo onsewa nambala zawo mutha kuziona pa intaneti ulele. Fomu ikapezeka ndi bodza, kaya kalata ya ntchito yopeka kaya bank statement yokonza pa kompyuta ku Limbe, woletsedwa ndi inu osati ajentiyo, Canada zaka zisanu, UK mpaka khumi. Mafomu ambiriwa munthu amene wakwanitsa kulemba dissertation atha kudzaza yekha. Ndalama za mafomu, za chipatala ndi za mayeso muzisunge konko m'ndalama ya konko, kudalira kuti akutumizirani kuchokera kuno ndi mmene forex ikusowera chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndi kudziika pa mavuto.

Ngati PGWP ikutha koma pempho la PR munatumiza kale, Canada ili ndi bridging open work permit yoti muzigwirabe ntchito podikira yankho, ipempheni pepala lakale lisanathe. PR ikatuluka ilinso ndi malamulo ake, ku Canada muyenera kukhala m'dzikolo masiku 730 pa zaka zisanu zilizonse, ILR ya ku UK imafa mukakhala kunja zaka ziwiri zotsatizana, ndiye amene mukuganiza zobwera kudzamanga ku Chileka kapena kudzayendetsa bizinesi kwa nthawi yaitali muwerenge masiku kaye kapena mudikire unzika, womwe ku Canada umafuna masiku 1,095 m'zaka zisanu. Nyumba ya malamulo yathu inasintha lamulo la unzika mu Disembala 2018 kulola unzika wa mayiko awiri, ndiye kutenga pasipoti ya kwina sikukulandaninso Umalawi ngati kale, koma mukatero mupite ku Immigration mukalembetse unzika wachiwiriwo kuti mapepala anu akuno akhale m'malo mwake.